Chotupa cha pa tuberculum sellae: tidzere m'mphuno kapena titsegule chigaza?

aMbewe, opaleshoni ya ubongo

Madokotala anzanga, moni nonse. Ndili ndi wodwala amene ndikufuna kumuchita opaleshoni sabata yamawa, koma njira yolowera ndi imene yandiimitsa mutu.

Ndi mayi wa zaka za m'ma 40. Kwawo n'kutali, amayenda tsiku lathunthu kuti afike kuno, ndipo msewu wake umavuta mvula ikagwa. Diso lakumanzere linayamba kuona mwachimbuuzi chaka chatha. Anavalapo magalasi, anadonthezapo mankhwala, mpaka anzathu a maso ataona kuti mtsempha wa disolo wayera ndi pamene anamutumiza ku MRI. Panopa lakumanzere akungowerenga zala pa mita imodzi. Lakumanja lili pa 6/12 pa tchati choyezera maso (6/6 ndi diso loona bwino) koma mbali yakunja yayamba kudyeka.

Pa MRI pali chotupa cha 2.8 cm chimene chakhala pa tuberculum sellae, kafupa ka pansi pa ubongo kamene kali pafupi ndi mitsempha ya maso ndi pituitary (kachiwalo kotulutsa mahomoni), chikuwala mofanana ponseponse tikaika contrast, ndipo chili ndi mchira pa dura, chikuto cholimba cha ubongo, kulowera kutsogolo ku fupa la planum. Chiasm, pamene mitsempha iwiri ya maso imakumana, yakankhidwira m'mwamba ndi kumbuyo. Kumanzere chalowa mu optic canal, ngalande ya m'fupa mmene mumadutsa mtsempha wa diso, chakumbatira carotid, mtsempha waukulu wa magazi opita ku ubongo, pafupifupi theka, n'kupitirira pang'ono kunja kwake. Ma A1 onse awiri, mitsempha ya magazi yodutsa pamwamba pa chiasm, atukulidwa koma ndikuona kampata ka madzi pakati pawo ndi chotupacho. Prolactin yakwera pang'ono chabe, cortisol ndi thyroid zili bwino. Amamwa ma ARV ndipo tizilombo sitikuoneka m'magazi.

Tili ndi microscope, drill yokhala ndi diamond burr, ndipo anzathu a mphuno ali ndi endoscope, galasi loonera mkati, ya madigiri 0 ndi ya madigiri 30. Ma adenoma a pituitary timachotsa limodzi nawo kudzera m'mphuno ndipo zimatiyendera. Navigation, makina otisonyeza pa zithunzi pamene chida chafika, tilibe, Doppler yaing'ono yopezera mitsempha ya magazi tilibe, wotseka mtsempha wa magazi wa m'mutu kudzera mu catheter tilibe. Kodi ndidzere m'mphuno, ndidzere pansidze, kapena nditsegule chigaza cham'mbali, pakati pa diso ndi khutu, njira ya pterional? Ndipo ngati ndi pterional, mbali iti?

aTembo, wowerenga zithunzi, Lusaka

Achimwene, zithunzi ndaziona. Ichi ndi meningioma, chotupa chomera pa chikuto cha ubongo. Sella, kadzenje ka m'fupa mmene mumakhala pituitary, siinakule, ndipo pa sagittal pituitary ikuoneka payokha kunsi kwa chotupa, kamzere ka diaphragma kali pakati pawo. Adenoma ya msinkhu umenewo ikanafukula sella. Prolactin yakwera chifukwa stalk, kaphesi kolumikiza pituitary ku ubongo, yapanikizika basi, musataye nthawi ndi cabergoline, mankhwala otsitsa prolactin. Tuberculoma, chotupa cha TB, ndinaiganizira chifukwa cha kumene tikukhala, koma fupa la tuberculum lakhuthala, ndipo zimenezo ndi zochita za meningioma. Jambulani chifuwa ndithu, muone ngati mulibe TB, musanamuyambitse dexamethasone.

Musanasankhe njira ndikufuna CT yodula mopyapyala ya fupa, ndi CT angiogram. Ndikufuna kuona sphenoid sinus, mphako ya mpweya ya kuseri kwa mphuno, kuti yafika pati, mpata wa pakati pa ma carotid awiri, kukula kwa frontal sinus, mphako ya pamphumi, ndiponso ngati clinoid yakumanzere, kafupa kosongoka ka pambali pa mtsempha wa diso ndi carotid, ili ndi mpweya mkati.

aNaphiri, dokotala wa maso

Mayiyu ndinamuona ndine. Ndinene poyera kuti diso limene tikumenyera nkhondo ndi lakumanja. Lakumanzere disc, mutu wa mtsempha wa diso umene timauona mkati mwa diso, yayera kwambiri, pupil ikuchedwa kuyankha kuwala, ndipo lakhala choncho miyezi yambiri. Likhoza kubwererako pang'ono, sindikulitaya, koma sindingamulonjeze. Lakumanja disc idakali ndi mtundu, ndi limene amaphikira, amalimira, amaonera ana. Akalitaya limenelo ndiye kuti wachita khungu. Chilichonse chimene musankhe, funso langa ndi lakuti njira iti idzaugwire pang'ono mtsempha wakumanja. Ndipo musachedwe, chifukwa pa masabata asanu ndi limodzi apitawa mbali yodyekayo yakula.

aNabanda, mphuno, makutu ndi khosi, Cape Town

Achimwene aMbewe, ine ndilankhulire mphuno, chifukwa ndikudziwa kuti m'gulu muno ambiri athamangira kutsegula chigaza.

Ganizirani kumene chotupa chimenechi chimachokera. Chimamera pa dura ya tuberculum, magazi chimalandira kuchokera pansi, makamaka ku nthambi za posterior ethmoidal, ndipo chikamakula chimatukula mitsempha ya maso ndi chiasm. Wochokera kumwamba amayamba wakumana ndi mitsemphayo itakokeka kale, n'kumagwira ntchito podutsa pakati pawo. Wochokera m'mphuno amayamba wafika pa fupa lodwalalo, amalichotsa, amawotcha dura, ndiye kuti chotupa chafa ndi njala asanachikhudze. Akachikumba mkati chimagwera chokha m'bowo, kuchoka pa chiasm, popanda kukankha ubongo ngakhale pang'ono. Timitsempha ta superior hypophyseal, timene timadyetsa kunsi kwa chiasm, timaoneka maso ndi maso. Ndipo chimene chimandikopa kwambiri ndi optic canal. Chotupa chimalowa mu canal chakumkati ndi chakunsi kwa mtsempha, malo amene wochokera mbali yomweyo kumwamba sawaona, pamene kuchokera m'mphuno ndi khoma loyamba kulipeza.

Malipoti ambiri akawaphatikiza amasonyeza kuti maso amabwerera bwinoko ndi njira ya m'mphuno. Kudontha kwa madzi a mu ubongo kunali vuto lalikulu kale, koma chibwerere nasoseptal flap ya Hadad ndi Bassagasteguy mu 2006 zinthu zinasintha. Ndi nembanemba ya khoma lapakati la mphuno imene imatengedwa ndi mtsempha wake wochokera ku sphenopalatine, ndiye imakhala yamoyo, imamera pabowo. Mukaika mafuta ndi fascia lata ya pantchafu mkati, flap pamwamba pake, zimagwira.

aChisale, wogonetsa odwala ndi ICU

Achemwali, zonse mwanenazo ndazimva, koma ine ndimakhala kumutu kwa bedi, ndiye ndifunse zanga. Carotid ikang'ambika m'mphuno, chimachitika n'chiyani mu mphindi khumi zoyamba, ndipo chimachitika n'chiyani mu ola lachiwiri?

aNabanda

Mphindi zoyamba, madokotala awiri, manja anayi, ma suction awiri akuluakulu, n'kupanikiza ndi kachidutswa ka mnofu wophwanya wochokera pantchafu. Zimenezo zimaphunzirika. Ola lachiwiri wodwala amapita ku angiography kukaona ngati mtsempha watsekeka kapena pali pseudoaneurysm.

aChisale

Ola lachiwiri limenelo ndi limene kuno kulibe. Magazi ndikhoza kukupezerani mapaketi anayi titakonzekera bwino, oposa pamenepo ndi kupempha. Wodwala amene wapakidwa m'mphuno ali ndi carotid yong'ambika sitingamukweze ndege tsiku lomwelo. Pa adenoma ndimagona tulo chifukwa mumakhala mkati mwa sella ndipo carotid ili kuseri kwa khoma. Apa aMbewe akuti chotupa chayikumbatira theka.

Sister aNangozo, wamkulu wa wodi

Madokotala, ndiwonjezereko za ku wodi. Usiku namwino mmodzi amayang'anira odwala ambiri. Lumbar drain, kachubu kotulutsa madzi a mu ubongo kudzera kumsana kuti bowo lisadonthe, imafuna munthu woyeza ola lililonse, wotseka wodwala akafuna kudzuka. Ikatuluka yambiri wodwala amaipa msanga, ndipo mudzamva m'mawa. Ku HDU, wodi ya odwala ofunika kuwayang'anira kwambiri, tingathe masiku awiri kapena atatu, osapitirira.

Chinanso, kudontha sikuti nthawi zonse kumayamba ali kuno. Mayi akafika kwawo amawerama pamoto, amasenza madzi, amasinja. Akaona madzi oyera akutsika m'mphuno adzati ndi chimfine, ndipo a kuchipatala chaching'ono adzamupatsa panado. Adzabwera kuno khosi litauma kale, ngati adzafike n'komwe nthawi ya mvula ino.

aMwale, opaleshoni ya ubongo, Manchester

Ine njira zonse ziwiri ndimaziona zikuchitika, ndipo chimene achemwali aNabanda anena za canal n'choona. Koma malipoti a maso aja tiwawerenge mosamala. Zotupa zimene amazitumiza ku mphuno zimakhala zazing'ono, zapakati, zosakumbatira mitsempha. Zazikulu ndi zovuta zimapita kumwamba. Tikamayerekeza zotsatira zake, tikuyerekezanso odwala osiyana. Malipoti omwewo amasonyezanso kuti kudontha kumakhala kwambiri ndi njira ya m'mphuno ngakhale flap ilipo.

Za drain, anzathu a ku Pittsburgh anachita kafukufuku wa odwala 170 amene anatuluka mu 2018. Amene anaikidwa lumbar drain anadontha pafupifupi 8 pa 100 alionse, amene sanaikidwe anadontha 21 pa 100. Phindu linaonekera kwambiri pa mabowo akuluakulu a kutsogolo ndi a ku clivus. Chimene ine ndimatolapo n'chakuti ngakhale m'manja mwa anthu amene anayala njira imeneyi, kudontha kulipo ndithu. Iwo wodwala akadontha amabwerera ku fiyeta mawa lake. Mayi wathuyu zimene Sister afotokozazi ndi zimene zingamuchitikire.

Koma chondichotsa pamphuno si chimenecho chokha. Ndi gawo lija lapitirira kunja kwa carotid yakumanzere. Malire a njira ya m'mphuno ndi mtsempha wa diso ndi carotid. Chili kuseri kwa zimenezi umachiona ndi galasi la 30 kapena 45, koma kuchitenga ndi kukoka chinthu chimene sukuona kumene chagwira.

aTembo

CT yafika, ndaiona. Sphenoid sinus ndi ya presellar, ndiye kuti pansi pa sella pali fupa lokhuthala, ndipo zizindikiro za carotid ndi optic canal pakhoma sizikuoneka bwino. Popanda navigation ndi Doppler mudzakhala mukuboola fupa mongoganizira. Frontal sinus ndi yaikulu, yafika mpaka kupitirira pakati pa diso lakumanzere. Clinoid yakumanzere ili ndi kampweya kochepa kodzera mu optic strut, kamzati ka fupa ka kunsi kwa canal. Aneurysm palibe. Carotid yakumanzere siinachepe kukula kwake pamene chotupa chayikumbatira.

aNabanda

Ndi sinus yotero, popanda chotiuza pamene carotid ili, ine ndemwe sindingalowe. Ndavomera pa mayi uyu. Koma ndisiye mawu awa: tsiku lina mudzalandira chotupa cha 1.5 cm, chapakatikati, sinus yotseguka bwino, chiasm ili kutsogolo moti wochokera kumwamba alibe podutsa. Ameneyo ndi wa m'mphuno, ndipo adzafuna kuti mukhale mutakonzeka. Yambani kukweza flap pa ma adenoma akuluakulu amene adontha pa tebulo, dzanja lizolowere. Pemphani Doppler yaing'ono, mtengo wake suli ngati wa navigation.

aMbewe

Achemwali, zimenezo ndalemba, ndipo ndikambirana ndi anzathu a mphuno kuno. Ndiye tatsala ndi pansidze ndi pterional.

aMwale

Pansidze, njira imene Perneczky anaitchukitsa ku Mainz, ndi yabwino pa zotupa zapakati, chilonda chake chimabisika. Koma aTembo akuti frontal sinus yafika kutali. Mudzaitsegula, ndipo mudzabweretsa vuto lomwe tikulithawa, pamene kudzera pachilonda chaching'onocho pericranium yotsekera, nembanemba yokuta chigaza, mumaipeza yochepa. Komanso kuchotsa clinoid kudzera pakabowo kameneko kumafuna zida zopyapyala zimene mulibe. Ine ndingatsegule pterional yokhala ndi gawo lokwanira la kutsogolo, n'kusalaza denga la diso kuti muone mosakankha ubongo, koma fupa mulidule mosafika pa sinus.

Pa mbali ndiye ndikufuna tikanganeko. Alipo amene amalowera mbali ya diso labwino, apa kumanja. Chifukwa chake n'chakuti ukaima kumanja umaona bwino mkati ndi kunsi kwa mtsempha wakumanzere, pamene pali chotupa cha mu canal, popanda kuutukula. Komanso kumanja si mbali ya chilankhulo. Ndinaonapo zikuyenda bwino.

aNaphiri

Achimwene aMwale, ndiye kuti zida zonse zizidutsa pamwamba pa mtsempha wa diso lokhalo limene likuona, maola onsewo?

aMwale

Inde achemwali, mtengo wake ndi umenewo. N'chifukwa chake ndaiponya kuti tiikambirane, sindikuti achite zimenezo.

aNkhoma, opaleshoni ya ubongo, wopuma pantchito

Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mkangano uwu si wa lero. Schloffer anafika pa pituitary kudzera m'mphuno ku Innsbruck mu 1907. Cushing anagwiritsa ntchito njira yapansi zaka zambiri, kenako anaisiya n'kubwerera kumwamba. Amene anaisunga ndi Dott ku Edinburgh, iye anaphunzitsa Guiot wa ku Paris, ndipo Hardy ku Montreal anaibwezeretsa ndi microscope. Nthawi iliyonse chimene chinkasuntha anthu chinali kuwala, zida, ndi mmene ankathanirana ndi meningitis. Chotupa sichinasinthe. Ndiye aMbewe musachite manyazi kusankha malinga ndi zimene zili m'fiyeta mwanu ndi m'wodi mwanu.

Lowerani kumanzere. Zifukwa zanga ndi izi. Gawo lopitirira carotid lili kumanzere, ndipo kuchokera kumanja simudzalifika. Carotid imene ingakuvuteni ndi yakumanzere, ndiye muyenera kukhala pamene mungaike clip ya kanthawi kapena kusoka. Canal yofunika kutsegula ndi yakumanzere. Ndipo mtsempha umene udzagwidwegwidwe ukhale umene wavulala kale. Mukaima kumanzere, mkati mwa mtsempha wakumanja mudzauona bwinobwino patsogolo panu, ndipo mudzachotsa chotupa pamenepo mukuchikokera kwa inu, kuchoka pa mtsemphawo. Zimene aMwale anena za ubwino wa mbali inayo zidzagwira ntchito pa diso limene aNaphiri akulilirira.

Za chilankhulo musaope ngati simukankha. Mutu upendekere kumbuyo kuti ubongo ugwe wokha kuchoka pa denga la diso, tsegulani arachnoid, nembanemba yopyapyala yokuta ubongo, pa mpata wa sylvian chakutsogolo, madzi atuluke, dikirani. Ambiri amalakwitsa pa kudikirapo. Retractor yokhazikika siifunika. Pokweza khungu dzerani pakati pa fascia ya temporalis kuti nthambi yokweza nsidze isavulale, monga Yaşargil anaphunzitsira.

aMbewe

Zikomo aphunzitsi. Canal nditsegule liti, ndisanatsegule dura kapena nditaona kaye chotupa? Ndipo kampweya ka mu clinoid kaja kakundidetsa nkhawa.

aNkhoma

Musanakhudze chotupa. Mtsempha wa diso umakhala utatukulidwa ndi chotupa kuchokera pansi, pamwamba pake wapanikizika ndi m'mphepete mwa falciform ligament, kampindo ka dura ka pakhomo pa canal. Mukayamba kusuntha chotupa mtsempha udakali womangika chotero, kusuntha kulikonse kumaupinda pa m'mphepete pomwepo. Ambiri amene amadzuka osaona amavulalira pamenepo, dokotala ali kunena kuti sanaukhudze mtsemphawo.

Chitani kunja kwa dura, njira ya Dolenc wa ku Ljubljana. Dura ikhale chotchinga pakati pa drill ndi mtsempha. Dulani meningo-orbital band, sendani dura, salazani phiko la sphenoid, mufike pa denga la canal. Diamond burr yokha, ndipo wothira madzi asaleke ngakhale kamphindi, chifukwa kutentha kumapha mtsempha mofanana ndi mpeni. Peputsani fupa mpaka litsale ngati chigoba cha dzira, lomaliza mulichotse ndi dissector yopyapyala mukulikankhira kunja. Musalowetse rongeur pansi pa denga la canal, mulibe malo m'menemo. Clinoid muikumbe mkati, muimasule ku optic strut, kenako ituluke. Magazi a cavernous sinus akatuluka musawotche, ikani Surgicel pang'ono ndi kukweza mutu.

Mukatsegula dura, dulani falciform ligament ndipo mung'ambe chikuto cha mtsempha chakumwamba, chifukwa ophthalmic artery imayenda kunsi kwake. Kenako pitani pa tuberculum, pakati pa mitsempha iwiri, mudule magazi a chotupa pa dura. Bipolar ikhale yochepa mphamvu mukayandikira mtsempha. Kumbani mkati mpaka chikhale chikopa chofewa. Pezani mtsempha wakumanja ndi carotid yakumanja poyamba, kumene zinthu zili m'malo mwake, mukatero mudzadziwa pamene muli. Stalk mudzaipeza kumbuyo, arachnoid itaiphimba. Arachnoid imeneyo musaiboole, muisende kuchoka pa chotupa n'kuisiyira mitsempha. Kunsi kwa chiasm musawotche chilichonse. Kamtsempha kalikonse kamene mukuganiza kuti n'ka chotupa, katsatireni kaye, kambiri kamangodutsa kupita ku chiasm. Pakachucha magazi ikani kathonje, thirani madzi, dikirani.

Za kampweya, mudzakatsegula ndithu, ndiye konzekerani. Mukachotsa clinoid yang'anani pa strut ndi khoma lamkati la canal. Bowo mulitseke ndi bone wax ndi kachidutswa ka temporalis, musasiyire mapeto pamene mwatopa. Munthu amatha kudontha m'mphuno ngakhale mwalowera kumwamba, ndipo njira yake ndi imeneyo.

aNabanda

Aphunzitsi, ndiwonjezere chimodzi. Malo amene aMwale ndi ine tikudandaula nawo, mkati ndi kunsi kwa mtsempha wakumanzere, angathe kuonedwa. Achimwene aMbewe, itanani mnzanu wa mphuno alowe nanu m'fiyeta ndi endoscope ya 30. Mukamaliza ndi microscope, alowetse galasi pakati pa mitsempha iwiri, liyang'ane kumanzere ndi pansi. Agwire iyeyo, inu manja anu onse akhale pa zida. Ingosamalani kuti thupi la galasi kumbuyo kwa nsonga simuliona pa sikirini, ndiye wina aziliyang'anira polowa ndi potuluka. Nyali muichepetse mphamvu, nsonga imatentha.

aNkhoma

Zimenezo nthawi yathu kunalibe, ndipo n'zanzeru. Chitani.

Chomaliza aMbewe. Pa carotid, ngati chotupa chikusendeka, chisendeni. Ngati chakakamira, chisiyeni chopyapyala. Simpson analemba magiredi ake osonyeza mmene meningioma yachotsedwera mu 1957, MRI kulibe, pamene chotsalira chinkadziwika wodwala atadwalanso. Lero mukhoza kuchiyang'anira. Mayiyu wabwera chifukwa cha maso.

aChisale

Ine kumbali yanga: arterial line, mapaketi anayi a magazi ali m'fiyeta tisanadule khungu, ndipo BP sindiitsitsa kuti munda wanu uume, makamaka mukamasula mitsempha. Mtsempha wopanikizika kwa chaka umafuna magazi. Ndidzamudzutsa pa tebulo kuti awerenge zala diso lililonse palokha tisanatuluke. Sister, usiku woyamba maso aziyezedwa ola lililonse pamodzi ndi pupil. Akanena kuti kukuda, imbani nthawi yomweyo, tipite ku CT, osadikira kuzungulira kwa m'mawa. Mkodzo ukapitirira 300 ml pa ola kwa maola awiri otsatizana, ndi woyera, ndipo ali ndi ludzu, tiyeze sodium tisanapereke desmopressin. Jagi ya madzi ikhale pafupi naye.

aNaphiri

Funso limene palibe wafunsa: njira yolera akugwiritsa ntchito iti?

aMbewe

Ndafunsa tsopano. Jakisoni wa miyezi itatu, kwa zaka zambiri.

aNaphiri

Ndiye asabayitsenso. Ma meningioma ambiri ali ndi ma receptor a progesterone, ndipo kafukufuku wamkulu wa ku France amene anatuluka mu BMJ mu 2024 anapeza kuti amayi amene anabayitsa medroxyprogesterone kwa chaka kapena kupitirira anali ndi chiopsezo choposa kasanu chochitidwa opaleshoni ya meningioma. Matendawa ndi osowa ndithu, ndiye sikuti tikaopseze amayi onse a kumudzi amene jakisoni akuwathandiza. Koma uyu chotupa ali nacho kale, ndipo mwina musiya kachidutswa. Akumane ndi a za kulera asanatuluke, amupatse njira ina monga lupu ya kopa, ndipo mulembe m'buku lake la kuchipatala ndi zilembo zazikulu kuti a kwawo asadzamubaye mwachizolowezi.

aMbewe

Zikomo nonse. Ndalankhula ndi mayiyu pamodzi ndi mchemwali wake amene akumudikirira. Ndawauza kuti cholinga ndi kuteteza diso lakumanja, kuti lakumanzere likhoza kusintha pang'ono kapena kukhala momwemo kapena kuzimiratu, kuti fungo likhoza kuchepa mbali imodzi, ndiponso kuti mwina tisiya kachidutswa pa mtsempha waukulu wa magazi. Anafunsa ngati tidzachotse diso, ndawatsimikizira kuti ayi. Avomera. Tilowera pterional yakumanzere Lachiwiri, canal poyamba, galasi pomaliza.

aMbewe

Akuluakulu, lero ndi tsiku la 6 chichitireni opaleshoni. Canal inatseguka bwino, ndipo titadula falciform panali mzere wooneka pamene mtsempha unapindika. Kampweya ka pa strut kanatseguka monga aNkhoma ananenera, tinatseka pomwepo. Chotupa chinali chofewa, chinachoka pa mtsempha wakumanja, pa chiasm ndi pa ma A1 arachnoid ili yonse, stalk tinaiona ili bwino. Ndi microscope ndinkaona ngati canal yayera, koma galasi la 30 linasonyeza kalilime ka chotupa kunsi kwa mtsempha wakumanzere, ndipo tinakatulutsa. Pa carotid pali malo ochepa amene chinakana kusendeka, ndasiya chopyapyala. Dura ya tuberculum tawotcha.

ANaphiri amuyeza dzulo. Lakumanja lili pa 6/9 ndipo mbali yakunja yatseguka, lakumanzere akuwerenga zala pa mamita atatu. M'mphuno ndi mouma ngakhale akawerama. Zotsatira za ku labu tikudikira, MRI tidzajambula pakatha miyezi itatu. Mkodzo unachuluka usiku woyamba wokha n'kukhazikika popanda mankhwala.

Koma lero sodium yatsika kufika 131, dzulo inali 136. Akuti mutu ukumuwawa pang'ono ndipo chakudya sichikumukomera. Abale akupempha kuti atuluke mawa chifukwa apeza galimoto yopita kwawo.

aChisale

Asatuluke. Imeneyi ndi nthawi yake, pakati pa tsiku la 5 ndi la 10 stalk ikagwedezeka ADH, homoni yosunga madzi m'thupi, imatuluka yambiri n'kutsitsa sodium, ndipo 131 ya lero ikhoza kukhala 122 mkucha ali pamsewu. Yezani cortisol ya m'mawa kaye, poti dexamethasone mwamusiyitsa, ndipo ngati zotsatira zichedwa mupatseni hydrocortisone. Onani ngati sanaume, BP atagona ndi ataima. Ngati zonse zili bwino, madzi akumwa asapitirire lita imodzi pa tsiku, drip iliyonse ichotsedwe, sodium iyezedwe m'mawa ndi madzulo. Akayamba kusanza, kusokonezeka kapena ikafika pansi pa 125, abwerere ku HDU ndipo mundiimbire.

Sister aNangozo

Jagi ija ndaichotsa pabedi, ndipo mchemwali wake ndamuuza kuti thobwa ndi tiyi nazonso tikuwerengera mu lita imodziyo. Za galimoto ndalankhula nawo, akuti ipitanso Lachisanu la sabata yamawa.